Kathumba ka Ulusi Wofiira

Mayi ogulitsa mazira aja sanandipatse moni. Anangolowa m'shopu mwanga n'kuponya thalauza pamakina, pamwamba penipeni pa diresi ya eni ake imene ndinkapinda. Ine ndine munthu wapakamwa, msewu wonse ukudziwa, ndiye ndinali nditayasamula kale kuti ndiwafunse ngati kwawo moni anatha. Koma nditawaona m'maso, mawuwo ndinameza.

"Atelala," anatero, "msoko uwu ndi wanu?"

Inali thalauza yasukulu, yotuwa, ya mwana wawo wamwamuna. Miyendo yonse iwiri inali yodulidwa ndi sizasi kuyambira kumapazi mpaka m'chiuno, kudula kwa munthu wofulumira amene nsalu alibe nayo ntchito. Anatembenuza lamba wa m'chiuno n'kundionetsa mkati. Panali kathumba kolowa zala ziwiri zokha, pakamwa pake pozunguliridwa ndi ulusi wofiira.

Magalasi anga anali pamphumi, sindinawatsitse n'komwe. Ulusi wofiira uja ndinauzindikira ngati mmene munthu amazindikirira kulira kwa mwana wake.

"Ndi wanga," ndinayankha. "Kwatani kodi?"

Anakhala pampando wa makasitomala, thupi lonse lende. Anati dzulo lake, nthawi yopuma kusukulu, mwana wawo anayamba kukuwa kuti anthu akutuluka m'makoma kudzamugwira. Anathawa n'kukwera pathanki yamadzi. Anzake ankaseka, ankayesa masewera, mpaka pomwe analumpha. Mwendo unathyoka pawiri. Kuchipatala anamwino anadula thalauza kuti amuvule, ndipo sizasi itafika m'chiuno inaluma chinthu. Munali chamba, chokulunga m'kapepala ka m'kope.

"Ndachokera konko," anatero. "Akundiyang'ana ngati sanandionepo. Akuti, 'Mwatumidwa ndi ndani inu?' Ine mayi ake, atelala! Miyezi yonseyi ndakhala ndikumusecha chikwama, masokosi, pansi pa matiresi. Alonda pageti nawo amasecha m'mawa uliwonse. Osadziwa kuti pobisa munamukonzera ndinu."

Sindinkakumbukanso kuti mnyamatayo ndinamusokera liti, koma mutu wanga panthawiyo sunali wowerenga zinthu. Iwo anatola thalauza ija n'kuipinda bwinobwino ngati yatsopano.

"Ndikupita nayo kwa ahedi pompano," anatero. "Akaone okha."

Ndikuuzeni za kathumba kameneka, chifukwa ndi kamene kanandimangira dzina. Ndinayamba kalekale kusokera amayi a geni omwe ankapisidwa m'matumba pokwera basi. Sindikaika pambali ngati atelala anzanga, kumeneko ngakhale wakuba wophunzira kumene amafikako. Ndimakalowetsa mkati mwa lamba, kumbuyo, pansi pa msoko wapakati pomwe nsalu ndi yokhuthala kale. Mungapapase mpaka zala kutupa, mungoti ndi msoko basi. Pakamwa pake ndimamalizira pamanja ndi ulusi wofiira, kuti mwini wake asamavutike kupapeza. Ndinkanyadira, sindinama. Ndinkachita kuuza anthu kuti, "Mukakapeza osakuuzani, makina awa mutenge."

Chaka chatha mwana wanga atalandidwa ya basi kawiri, ndinamusokera m'masiketi ake onse awiri asukulu. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Timamutcha Kabatani chifukwa akukwawa anameza batani la jekete, ndipo tinalidikira masiku awiri, ine ndi malemu bambo ake, tikusinthana kufufuza thewera. Ndi wamanzere. Pomuphunzitsa kusoka ndinkamuseka kuti misoko yake imapendekera kwina ngati anthu ochokera kumowa, koma dzanja ali nalo, moti Loweruka ndikapita kukagula nsalu shopu ndimasiyira iyeyo.

Kathumba kake atakaona anzake, anayamba kubwera. "Anti, nanenso ka ya basi." Ana aulemu, ogwada popereka moni. Ndinasokera khumi ndi mmodzi, ndimakumbuka, chifukwa telala saiwala chiuno chimene anayezapo. Sindinafunse n'kamodzi komwe kuti mwana wokhala kuseri kwa sukulu, woyenda wapansi, ya basi akuifunira chiyani. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindigawira munthu.

Mayi aja atatuluka, ndinayang'ana panja. Tsidya lina la msewu, pakhoma la sitolo yogulitsa penti, mlongo wanga anali atakhala pamalo pake, akulumikiza timawaya tomwe amatola kudzala. Ana amamutcha Injiniya. Amaliyankha dzinalo mosangalala, sadziwa kuti akumugemula.

Anali wanzeru mnyamata ameneyu, abale inu. Ankamasula wailesi ya bambo athu yonse n'kuibwezeretsa asanaweruke kuntchito. Ine monga wamkulu ndinkachapa zovala za nyumba yonse, ndipo ndi ine ndinayamba kupeza timapepala m'matumba mwake. Ndinanunkhiza, ndinadziwa. Koma bambo athu anali a dzanja lolemera, akamenya ankachita kuvula wotchi. Ndiye ndinkachotsa kapepalako, n'kuchapa, n'kusita, n'kukabwezera momwemo. Zaka ziwiri ndikuchita zimenezo, ndikumati ndikumukonda mlongo wanga. Pomwe makolo ankadziwa n'kuti iye akuyankhula kale ndi mababu amagetsi.

Lero tsitsi lake layamba imvi. Amathothola mabatani onse pamalaya ake, amati amamumvetsera, ndipo masiku angapo alionse amabwera kuti ndimusokere ena, poti kuzizira kumamupweteka. Adokotala amene amamupatsa mankhwala anandiuza kuti si aliyense wosuta amathera pamenepo, koma mutu wa mwana ndi wanthete, ndipo m'banja momwe wina zinamuchitikira, enawo asachiyandikire n'komwe. Mawu amenewo ndinawasunga. Kabatani ndinkamunena za anyamata, za foni, za siketi yaifupi, koma za chamba sindinamutchulirepo. Ndinkati amalume ake amawaona tsiku lililonse, nanga pakufunikanso mawu?

Ndinadzuka pamakina. Timakhala kuseri kwa shopu komweko, zipinda ziwiri. Siketi yachiwiri ya Kabatani inali pachingwe, anaichapa yekha dzulo lake. Chimenechonso chinandibaya. Anayamba liti kudzichapira, mwana woti sokosi amaisiya pomwe waivulira?

Ndinaitsitsa n'kutembenuza lamba. M'kathumba munalibe kanthu, fungo linali la sopo. Ndinapuma, ndinatsala pang'ono kuseka. Koma ntchito yanga inandiphunzitsa kuti thumba limasunga chinsinsi m'ngodya, momwe madzi safika. Ndinatenga singano n'kutokosa pansi pake, pamwamba pa pepala loyera lodulira patani. Munatuluka tinyenyeswa ta nsalu, kenako tizidutswa tobiriwira, kenako njere ziwiri. Zinagubuduka papepala n'kuima.

Mayo ine! Ndinakhala pansi pasimenti, osadziwa kuti ndakhala. M'makutu munkangolira. Njere zomwezo ndinkazitaya m'beseni lochapira zaka makumi atatu zapitazo, sindingaziiwale. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku lomwe bambo ake a Kabatani anatsirizika, chifukwa imfa imatenga munthu kamodzi, pomwe ichi chimakusiyira thupi lake kuti uzilisokera mabatani.

Nditadzidzimuka n'kuti dzuwa litakwera, ndinakumbuka kuti mayi a mazira afika kale kusukulu ndi thalauza, ndipo siketi inayo Kabatani waivala.

Ndinatseka shopu, loko ndinamuiwala. Ndinathamanga ndi tepi yoyezera m'khosi, lezala lomasulira misoko lili m'thumba la epuloni. Wometa tsitsi woyandikana nane anakuwa kuti, "Atelala, kwapsa kuti?" Injiniya anandikwezera waya wake ngati moni.

Ndinene zoona pano, ngakhale zikundichititsa manyazi. Sindinkathamangira kukathandiza sukulu ayi. Ndinkafuna kukanena pageti kuti kunyumba kwagwa zovuta, andipatse mwana wanga. Ndikanamutengera kuseri kwa mpanda, n'kuchotsa chilichonse chimene chinali m'chiuno mwake, n'kuchiponya m'ngalande, zotsalazo tikanakambirana kunyumba. Ndi momwe ndinakonzera, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti mayi aliyense akanatero.

Geti ndinalipeza lokhoma. Alonda, bambo achikulire a ndevu zoyera, anandiona kudzera m'zitsulo n'kupukusa mutu.

"Lero kulowa kulipo, kutuluka kulibe, mayi."

"Ndikufuna mwana wanga, kunyumba kwa..."

Sindinamalize. Ahedi anali ataima pakhonde la ofesi, thalauza ija ili m'manja, mayi a mazira ali pambali pawo. Atandiona anatsika masitepe okha.

"Atelala, mwachita bwino kubwera, timati tikutumireni mwana," anatero. Ndi bambo odekha, oyankhula ngati akuwerenga. "Ana a makalasi awiri akuluakulu tawatsekera muholo. Alonda ndi aphunzitsi apapasa m'ziuno kwa ola lathunthu, apeza timatumba tiwiri tokha. Tikudziwa kuti tilipo tambiri. Ntchito yanu yatigonjetsa, mayi. Tithandizeni. Sindikufuna kuitana apolisi, awa ndi ana. Koma sindikufunanso wina pathanki paja."

Kunena zoona, m'moyo mwanga monse palibe amene anayamikirapo ntchito yanga mondipweteka chonchi. Mayi a mazira ankangondiyang'ana. Bodza langa lija linasungunuka m'kamwa. Ndinatsitsa magalasi n'kuwatsatira.

Muholo munali zii. Anyamata anali atafola mbali ina, atsikana kuseri kwa makatani apasiteji limodzi ndi aphunzitsi aakazi. Pakati anaika tebulo ndi beseni lapulasitiki. Ndinauza anyamata kuti aliyense atulutse malaya, atembenuze lamba kumbuyo, ine ndizingodutsitsa chala.

Woyamba analibe. Wachiwiri analibe. Wachitatu ndinamudziwa, mwana wa makaniko, ndinamusokera ndekha. Chala changa chinangopita chokha. Ndinang'amba ndi lezala, kapepala kanagwera m'beseni kuti tapu. Mnyamatayo anayamba kulira ngati wa kumkaka. Ndinapitirira. Ena munali ndalama ya basi yeniyeni, Mulungu awadalitse, ndinachita kufuna kuwakumbatira. Wina munali kalata ya chibwenzi, holo yonse ikanaseka likanakhala tsiku lina. Koma beseni linkalandirabe.

Pofika pakati pa mzere ndinali nditang'amba timatumba khumi ndi tiwiri. Ndinaima. Ine ndinasokera ana khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo atsikana, ndipo kwa atsikanako ndinali ndisanafike n'komwe.

Mnyamata wotsatira anali wamtali, sindinamuonepo chibadwire. Ndinagwira lamba wake n'kumukokera kuwindo komwe kunali kuwala. Malo ake anali omwewo, pansi pa msoko wapakati. Ulusi unali wanga, wofiira uja ndimagula wa mpukutu waukulu. Koma misoko ya pakamwa inali yopendekera kwina. Yanga imagonera kumanja. Iyi inkagonera kumanzere, yaukhondo, yofanana bwino, ngati anthu ochokera kumowa amene aphunzira kuyenda pamzere.

"Anakusokera ndani?" ndinafunsa chapansipansi.

Anayang'ana kumakatani, n'kuyang'ana pansi.

Ndinapita patebulo pomwe ahedi anaika thalauza yodulidwa ija, ndinaitembenuza, tsopano magalasi ali m'maso. Kumanzere. Ndiye chifukwa chake sindinkakumbuka kuti mwana wa mayi a mazira ndinamusokera liti. Loweruka lililonse ine ndili kokagula nsalu, ndikuuza anthu kuti ndili ndi mwana wodalirika, makina anga ankagwira ntchito imeneyi.

Palibe wina aliyense muholomo amene akanaona kusiyana kwake. Ahedi sakanaona, alonda sakanaona, ngakhale telala mnzanga akanafunika kumulozera. Ndinamaliza anyamata maganizo ali kwina, mpaka ndinadzicheka chala. Kenako ndinakwera pasiteji, kuseri kwa makatani.

Kabatani anali wachisanu ndi chiwiri pamzere. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana nsapato zake, zomwe ndinamugulira mwezi watha, akuluma mlomo ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akaswa kapu. Ndinaona khosi lake lowonda, ndi kachipsera ka pachigongono komwe anagwa panjinga. Atsikana asanu ndi mmodzi a patsogolo pake ndinawachedwera dala, ndikupempha kuti belu lilire, magetsi athime, chilichonse chichitike. Palibe chinachitika.

Ndinafika. Anatembenuka, ndinaika chala. Munali chinthu, chofewa, chachikulu ngati chala chamkombaphala.

"Amama," ananong'ona osatembenuza mutu. "Chonde. Dutsani."

Mphunzitsi wamkazi anali kutali pang'ono, akulemba maina. Ndikanangoti, "Uyu alibe," ndani akananditsutsa? Katswiri ndinali ine. Chala changa chinayamba kale kuchoka, ndikulumbira, chinachoka. Ndipo pomwepo ndinamva fungo la sopo ndi simbi yamoto, ndinadziona ndili mtsikana, ndikubwezera kapepala m'thumba la kabudula wosita bwino, ndikumvetsera ngati bambo akubwera.

Ndinang'amba. Kapepala kanagwera pansi, pakati pa nsapato zatsopano zija, ndipo ndinakatola ndekha n'kupita nako kubeseni. Kabatani sanalire. Anangondiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, ouma, ngati ndine mlendo woti ndamuponda pabasi. Maso amenewo anandiopsa kuposa kapepalako.

Muofesi munali ahedi, mayi a mazira, ine ndi iye. Ahedi anati ana onse opezeka nacho apita kunyumba masabata awiri, ndipo pobwera aliyense abwere ndi kholo komanso kalata yochokera kwa alangizi a kuchipatala. Kenako anati, "Atelala, zikomo. Tikudziwa kuti munkasoka osadziwa."

Ndikanangovomera. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma mayi a mazira anali atafungata thalauza ija pachifuwa ngati khanda.

"Mayi," ndinatero, "m'mawa ndinakuyankhani molakwa. Msoko umenewo si wanga. Makina ndi anga, ulusi ndi wanga, dzanja lake ndinaliphunzitsa ndine. Koma anasoka ndi uyu."

Anatembenukira kwa Kabatani. Ndinkayembekeza mbama, ndipo sindikanawagwira dzanja. Iwo anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe si uja unkabwera kudzawerenga naye masamu? Dzulo usanadze mdima anakutchula. Ine sakundidziwa, koma iwe anakutchula." Anatuluka osatseka chitseko.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Iye patsogolo, ine pambuyo, ngati ndikuperekeza mkaidi. Dzuwa linali paliwombo, anthu ankatiyang'ana, siketi yake itang'ambika kumbuyo. Shopu tinaipeza chitsegukire, wometa tsitsi atakhala pakhomo kutilondera. Atationa nkhope anabwerera kwake osafunsa.

Ndinatseka chitseko cha shopu. Ndinkafuna kukuwa, ndinkafuna kumugwedeza mpaka mano aguluke, ine amene ndimakalipira kasitomala chifukwa cha zipi. Koma mawu anatuluka aang'ono.

"Wasutapo?"

Anayang'ana kukhoma.

"Iwe Kabatani, ndikufunsa. Usandinamize, lero ndatopa. Wasutapo?"

"Katatu."

"Katatu kokha?"

"Mwina kanayi." Anakhala pamulu wa zigamba. "Ankandipatsa ndikawasokera. Poyamba ndinkangopatsa anzanga. Kenako anayamba kundiseka kuti telala wosavala zosoka zake. Aliyense amasuta, amama, si nkhani yaikulu. Amati chimathandiza kuwerenga. Uja wa pathanki anangochita tsoka."

"Tsoka?"

"Inunso mwandiyalutsa pamaso pa sukulu yonse!" Apa mawu anakwera, misozi inabwera. "Mayi wanji wochita zimenezo? Mukanangodutsa! Tikanakambirana kuno! Palibe akanadziwa!"

Maganizo amenewo anali anga omwe, ndinathamanga nawo msewu wonse. Ndinkangomuyang'ana, ndikufufuza m'maso mwake ngati muli kale kanthu kachilendo, ngati kanayi n'kokwanira, ngati ndachedwa. Sindinkadziwa, ndipo palibe akanandiuza.

Pomwepo wina anagogoda pawindo. Anali Injiniya, malaya ali m'manja, chifuwa chili pamtunda, nthiti zikuwerengeka. Mabatani onse anali atathothola. Ndinamutsegulira, analowa ndi fungo lake la utsi ndi fumbi, n'kukhala pampando wa makasitomala mwaulemu ngati masiku onse.

Kawirikawiri Kabatani akamuona amapita kuchipinda. Tsiku limenelo ndinamuponyera malayawo pamiyendo, ndi chitini cha mabatani.

"Asokere amalume ako. Dzanja uli nalo."

Injiniya anatembenuka kumuyang'ana. Anamuyang'anitsitsa, yunifolomu ija, tsitsi lometa lija, ndipo nkhope yake inasintha, inafewa ngati ya mnyamata. Kabatani amafanana nane ndili msinkhu wake, aliyense amatero. Anawerama n'kumugwira dzanja, akuyang'ana kuchitseko mwamantha.

"Achemwali," ananong'ona, "mwachapa kale? Mwabwezera muja? Musawauze bambo, eti? Ndisiya ine. Tikangolemba mayeso ndisiya."

Kabatani anauma. Anayang'ana amalume ake, kenako ine.

"Akunena chiyani, amama?"

"Akuyesa ndiwe ine," ndinatero. "Ndinkazipeza m'matumba mwake pochapa. Ankandipempha ngati mmene wandipemphera iwe lero, ndipo ine ndinkadutsa. Sindinawauze bambo. Palibe anadziwa."

Aka kanali koyamba kuuza munthu aliyense. Ngakhale malemu mwamuna wanga anapita osadziwa. Nditanena ndinakhala pamakina.

"Anayamba ali ndi zaka zingati?"

"Zako zomwezi."

"Mayesowo analemba?"

"Akuwadikirabe."

Sanafunsenso. Anatsegula chitini, anasankha mabatani asanu ofanana, n'kudula ulusi. Anayesa kuulowetsa pasingano, unaphonya. Ananyambita nsonga, anayesanso, unaphonya. Dzanja lake lamanzere lija, lomwe silinaphonyepo, linkagwedezeka ngati la nkhalamba. Ndinamulanda kuti ndimuthandize, koma langa ndi chala chochekedwa chija linali loposa pamenepo.

Injiniya anatiyang'ana tonse awiri, n'kuseka pang'ono. Anatenga singano ndi zala zake zakuda, anaikweza kuwindo, ndipo ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi. Anaupatsira Kabatani ndi manja awiri.

"Zosavuta izi, achemwali," anatero. "Ine ndidzakhala injiniya."

Apo ndi pomwe mwana wanga analira, kulira kwenikweni, nkhope ataikwirira m'malaya onunkha a amalume ake. Sindinamutonthoze. Ndinatenga foni n'kufunsa wometa tsitsi nambala ya alangizi aja, poti mkazi wake amagwira ntchito kuchipatala, ndipo anatipatsa Lachinayi m'mawa. Pomwe ndinkamaliza kuyankhula, iye n'kuti akusoka batani lachiwiri, akufunsa amalume ake ngati ulusi wakuda uli bwino.